Kochi anamubwezera m'bwalo mutu ukuwawa: mayi alankhule kapena akhale chete?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana, m'dziko la America. Wandilola kuyankha poyera, bola ndisatchule dzina lake, la mwana kapena la sukulu. Mwana wake wamkazi wa zaka 16 amatseka kumbuyo mu timu ya mpira wamiyendo ya pasukulu yake ya sekondale. Tsiku limenelo ankasewera ndi sukulu yoyandikana nayo, imene akhala akulimbirana nayo ulemu kwa zaka zambiri. M'chigawo chachiwiri analumphira mpira wam'mwamba pamodzi ndi mtsikana wa timu inayo, chigongono cha mnzakeyo n'kumupeza pambali pa mutu. Anagwa, anadzuka akudzandira, anatuluka. Patapita mphindi zochepa kochi anamufunsa ngati ali bwino, iye anavomera, n'kubwerera m'bwalo mpaka mpira kutha. Usiku anasanza, mutu sunaleke kuwawa, kuwala kwa foni kunkamulasa m'maso. Mwanayo waululanso kuti mpira usanayambe kochi anawauza kuti womwetsa zigoli wa timu inayo "amve kuti mulipo". Panopa makolo a timu yawo akugawana kanema wa chigongonocho pa Facebook, akufuna mtsikana uja alangidwe. Mwana akuchonderera kuti mayi ake asanene kanthu chifukwa mpikisano wa sectional, gawo loyamba la chikho cha masukulu a ku Indiana, wayandikira, ndipo bambo a m'nyumba akuti tili kwa eni, tisayambitse milandu. Funso la mayiwa ndi lakuti: ndikadandaule za mtsikana uja, ndikakumane ndi kochi, kapena ndingokhala chete?

Mayi, monga ndinakuyankhirani mwachidule tsiku lomwelo, choyamba ndi chipatala. Kudzandira, kusanza, mutu wosaleka ndi maso okana kuwala ndi zizindikiro za kugwedezeka kwa ubongo, kumene dokotala adzalembe kuti concussion. Munthu sachita kukomoka kaye kuti tinene kuti ubongo wagwedezeka. Ambiri amene amavulala chonchi sakomoka n'komwe. Mukaona kuti mutu ukunka nuwawirawira, akusanza mobwerezabwereza, lilime likulemera polankhula, akugona tulo tovuta kumudzutsa, akuphupha ngati wakhunyu, kapena kadontho kakuda ka diso limodzi kakula kuposa ka linzake, musadikire kuti kuche. Pamenepo ndi 911 basi, nambala ya zangozi ya ku America.

Tsopano funso lanu. Lankhulani. Koma mlandu umene muyenera kuutsata ndi wa mphindi zija mwana wanu anakhala pabenchi n'kubwezedwa m'bwalo. Wa chigongono usiyeni, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ku America nkhaniyi ili m'malamulo, ndipo lamulolo linabwera mwana atavulala. Mu 2006 mnyamata wa zaka 13 wa ku Washington, Zackery Lystedt, anamenyetsa mutu pansi pa masewero a American football a pasukulu. Anapumako pang'ono n'kubwereranso, ndipo masewero atatha anagwa. Anamuchita opaleshoni ya mu ubongo, anapulumuka, koma analumala. Mu 2009 boma la Washington linakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, ndipo pofika 2014 maboma onse 50 a m'dzikolo anali ndi lamulo lofanana nalo. La ku Indiana limanena kuti wophunzira amene akuganiziridwa kuti ubongo wake wagwedezeka atulutsidwe nthawi yomweyo, asabwerere mpaka atamuona wachipatala amene anaphunzira za kuvulala kotereku, wachipatalayo alembe chikalata chomuloleza, komanso papite maola osachepera 24. Taonani mawu akuti "akuganiziridwa". Kochi safunika kutsimikiza chilichonse. Kudzandira kuja kunali kokwanira. Malamulo a masewero a m'masukulu a sekondale, amene amalembedwa ndi bungwe la NFHS lomwe likulu lake lili ku Indianapolis komweko, amanenanso chimodzimodzi.

Chimene amaopera n'chakuti ubongo umene wagwedezeka kale suchedwa kuvulalanso. Kugundidwa kwachiwiri koyambako kusanapole kumatalikitsa matenda, ndipo nthawi zina, ngakhale sizichitika kawirikawiri, ubongo wa wachinyamata umatupa mofulumira mpaka imfa. Ndipo atsikana a mpira wamiyendo ali pamzere wakutsogolo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics, ataunika mitundu 20 ya masewero a m'masukulu a sekondale, anapeza kuti pa kuvulala kwa mtunduwu mpira wamiyendo wa atsikana unali wachiwiri, kutsatira American football ya anyamata. Kochi aliyense wa atsikana amene amatenga ntchito yake mozama amazidziwa zimenezi.

Chimene chandipweteka kwambiri m'kalata yanu ndi funso la kochi lija, lakuti "uli bwino?" Mtsikana wa zaka 16, pa mpira umene tauni yonse yabwera kudzaonera, anzake akumuyang'ana, mutu ukuzungulira, angayankhe chiyani? Kuwonjezera apo mwanayu mwamulera inu, mwa kwathu. Tinaphunzitsidwa kuti wamkulu akafunsa timayankha zomusangalatsa, kuti mphunzitsi satsutsidwa, kuti mwana wamkazi wolimba mtima amapirira. Ulemu umenewu ndi wabwino m'malo ambiri, koma pabenchi paja unamusiya mwana wanu alibe chotchinjiriza. N'chifukwa chake lamulo linachotsa chigamulocho m'manja mwa mwana, n'kuchichotsanso m'manja mwa kochi amene mtima wake uli pa chigoli. Kochi amene amafunsa mwana wodzandira ngati angapitirize amakhala akumusenzetsa mwanayo udindo umene uli wa munthu wamkulu.

Za mtsikana wa timu inayo, ndikupemphani musalowe nawo gulu la pa Facebook lija. Anthu awiri akalumphira mpira umodzi manja amakwera okha, ndipo kafukufuku wa Dawn Comstock ndi anzake wa mu 2015 anaonetsa kuti pa mpira wa m'masukulu a sekondale chimene chimagwedeza ubongo kwambiri ndi kugundana kwa osewera, kuposa mpira weniweniwo. Kanema wa pafoni, wojambulidwa kuchokera kumipando ya ochemerera, sangakuuzeni zimene zinali mumtima mwa mwana. Mwina anachitira dala, mwina ayi. Woyimbira analipo, ndipo ngati sukulu yanu ikuona kuti analakwitsa ili ndi njira yake yodandaulira ku IHSAA, bungwe loyang'anira masewero a m'masukulu a sekondale ku Indiana. Amene akumuzungulitsa pa intanetiyo ndi mwana wa zaka ngati za wanu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kumbukiraninso kuti timu yanu inalowa m'bwalo italangizidwa kuti wina "amve kuti mulipo". Chikanakhala chigongono cha mwana wanu chimene chinapeza mutu wa womwetsa zigoli uja, lero kanema akanakhala wa iye.

Pali nkhani ya mu Novembala 2009 imene anthu a mpira wa atsikana ku America saiiwala. Pa masewero a mayunivesite a New Mexico ndi BYU, wosewera wina wa New Mexico anamenya, kupinga ndiponso kukoka mnzake tsitsi mpaka kumugwetsa pansi. Kanema anafalikira dziko lonse, mtsikanayo anaimitsidwa kusewera, ndipo anatukwanidwa koopsa. Koma m'bwalomo anangolandira kadi yachikasu imodzi, ndipo benchi yake sinamutulutse. Akuluakulu amene anali ndi mphamvu yoimitsa zinthu zisanafike poipa anangoonerera, manyazi onse n'kugwera wosewerayo.

Kulimbirana ulemu pakati pa masukulu awiri ine sindikuda. Aliyense amene anaonapo mzinda wa Blantyre tsiku la Maule ndi Manoma amadziwa kukoma kwake, komanso amadziwa mmene anthu aulemu wawo amatayira mutu tsiku limenelo. Ana amafuna mpira umene amauyembekezera chaka chonse, ndipo amaphunzirapo zambiri. Koma pamene ana, makolo ndi ochemerera onse atentha, pamafunika munthu mmodzi pambali pa bwalo amene mutu wake uli wozizira, ndipo munthuyo amalipidwa kuti akhale wotero. Kuuza ana kuti alimbe, asaope kulimbirana mpira, ndi ntchito ya kochi. Kuwalozera mwana wina kuti akamupweteke pang'ono kuti achite mantha ndi kuwaphunzitsa nkhanza, ngakhale atazinena mozungulira bwanji. Mu Okutobala 2022 lipoti la loya Sally Yates, lofufuza nkhanza za makochi mu ligi yaikulu ya amayi ya ku America ya NWSL, linanena kuti mizu ya vutolo imayambira ku mpira wa ana, kumene atsikana amazolowera kukalipiridwa ndi kunyozedwa n'kumaona ngati ndi mmene mpira umakhalira. Sindikunena kuti kochi wanu ali m'gulu la anthu a mu lipotilo. Ndikunena kuti mwana akaphunzira pa zaka 16 kuti thupi lake ndi la timu, ndipo kudandaula ndi kupereka anzake, phunzirolo amapita nalo kutali.

Bambo a kunyumba ndikuwamvetsa. Munthu ukakhala kwa eni umayenda mosamala, ndipo sufuna kuti mwana wako adziwike ngati wa makolo ovuta. Koma awuzeni kuti nyengo ya mpira isanayambe sukulu inakupatsani pepala lofotokoza za concussion, inu ndi mwana munasaina. Sukuluyo ndi imene inayamba kulonjeza. Kufunsa ngati lonjezolo linasungidwa ndi chinthu chimene makolo a kumeneko amachita tsiku ndi tsiku, ndipo akuluakulu a sukulu amachita mantha kwambiri ndi mwana wovulala amene sanalembedwe paliponse kusiyana ndi mayi amene wafunsa mwaulemu.

Musakamupeze kochi pabwalo, pamaso pa ana. Lembani imelo kwa athletic director, amene ndi bwana wa makochi onse pasukulupo, ndipo kope lipite kwa athletic trainer, wosamalira osewera ovulala, ngati sukulu ili naye, komanso kwa namwino wa pasukulu. Lembani tsiku, nthawi, zimene munaona ndi maso anu, ndi zimene dokotala wapeza. Funsani kuti ndani anamuyeza mwanayo asanabwerere m'bwalo, ngati kuvulalako kunalembedwa, ndiponso ndondomeko imene atsate pomubwezera m'kalasi ndi ku mpira. Mawu aja akuti "amve kuti mulipo" muwalembe monga mmene mwana anakuuzirani, osawonjezera ndemanga, ndipo mupemphe kuti afunse ana ena. Musalembe kuti kochi achotsedwe ntchito. Mukatero nkhani idzasanduka ya inu ndi iye. Akapanda kuyankha, pitani kwa mphunzitsi wamkulu, kenako ku IHSAA.

Mukakumana nawo funsaninso za mawondo, poti mwafika kale pakhomo. Atsikana amaduka mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL kawirikawiri kuposa anyamata pa mpira womwewu, nthawi zambiri popanda wowagunda, pongotera molakwika kapena potembenuka mwadzidzidzi. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2012 wa atsikana oposa 4,500 a zaka 12 mpaka 17 anapeza kuti masewero olimbitsa ntchafu, chiuno ndi kateredwe, a mphindi 15 kawiri pa sabata, anachepetsa kuduka kwa ACL ndi 64 peresenti. Pulogalamu ya masewero otere yotchedwa FIFA 11+ ndi yaulere ndipo sifuna zipangizo zodula. Yankho la kochi pa funso limeneli lidzakuuzani zambiri za mmene amaonera matupi a ana amene anapatsidwa.

Chovuta kuposa zonse ndi mwana wanu, ndipo imelo ija isatumizidwe iye asanaiwerenge. Akuopa kuti anzake adzati wawapereka, ndiponso kuti ataya malo ake mu timu. Musamunamize kuti sectional asewera. Kubwerera kumayenda pang'onopang'ono: tsiku limodzi kapena awiri opumula, kenako kuyenda ndi kubwerera m'kalasi, kuthamanga, mpira wopanda kugundana, kuyeserera ndi timu yonse dokotala atalola, pomaliza masewero enieni. Sitepe iliyonse imatenga tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo zizindikiro zikabwerera amabwerera m'mbuyo. Achinyamata ambiri amachira pasanathe mwezi, koma sabata imodzi nthawi zambiri sikwana.

Ngati amatsatira Temwa Chawinga, ndipo ndikukhulupirira kuti mwana wa ku Malawi wosewera mpira ku America amamutsatira, mukumbutseni za chaka cha 2025. Temwa, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu NWSL n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, anavulala kumapeto kwa nyengo. Timu yake ya Kansas City Current, imene inatsogola ligi yonse, inalowa kotafainolo mu Novembala popanda iye, ndipo inagonja kwa Gotham FC. Timu ya akatswiri olipidwa inataya chikho wosewera wake wamkulu ali kunja. Sukulu ya sekondale ingathe kusewera sectional popanda wotseka kumbuyo mmodzi.

Dokotala akalola kuti akhale paphokoso, tsiku la mpiralo apite, avale jezi yake, akhale pabenchi ndi anzake. Ndipo sungani maimelo onse ndi chikalata cha dokotala. Akadzachira n'kupezeka kuti kochi wayamba kumusiya panja popanda chifukwa chomveka, mudzabwerere kwa athletic director yemweyo ndi mapepalawo m'manja.