Ntchito ya m'shopu ya chamba ku Colorado muli ndi green card

Achemwali, mwafunsa ngati mungayambe ntchito m'shopu ya chamba ku Colorado, kuno ku America: ntchito imeneyo musaiyambe. Amene akukuuzani m'makomentimu kuti ku Colorado chamba n'chololedwa chiyambire voti ya 2012 sakunama, koma iwowo ali ndi mapasipoti a dziko lino. Inu muli ndi green card basi, chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito kuno koma osati unzika.

Ine ndinagwirako m'shopu yotereyi ku Denver, kuona ma ID pakhomo ndi kulongedza timapaketi. Shopu ya laisensi, msonkho ukudulidwa pa malipiro, zonse poyera. Tsiku la intavyu ya unzika ndinavala suti, mafunso a mbiri ya dziko ndinakhoza onse. Kenako mayi wofunsayo anatsegula tsamba la ntchito zimene ndinagwirapo, n'kuloza dzina la shopu ija. Akuti munkagulitsa chiyani? Ine kuyankha bwinobwino, ndikumwetulira. Anasiya kutaipa. Anatuluka, n'kubwera ndi mnzake, anandilumbiritsanso, mafunso akubwera limodzilimodzi. Munachigwirapo ndi manja? Munalandirapo ndalama kwa ogula? Munasutapo? Kukhosi kunauma gwa, cholembera chikuterera ndi thukuta posaina. Kalata itabwera inati ndilibe khalidwe labwino loyenera nzika. Ine amene ngakhale mowa sindilawa! Loya anati ndisayerekeze kutuluka m'dziko muno chifukwa pobwerera akhoza kunditsekera pa eyapoti. Mayi anga atamwalira ku Ntcheu, maliro ndinaonera pa WhatsApp, mlongo wanga atagwira foni kumanda, netiweki ikudukaduka.

Amene ndimamukwiyira mpaka lero ndi mwini shopu uja. Ndinamufunsa ndisanayambe, ndinamuuza kuti sindine nzika. Anandionetsa Tenth Amendment, gawo la malamulo aakulu a dziko lino, imene anaipachika mu fulemu kukhoma, ija ya 1791 yonena kuti mphamvu zimene boma la federal (boma lalikulu la ku Washington) silinapatsidwe zimatsalira ma state (zigawo ngati Colorado) kapena anthu. Akuti amene analemba malamulo ku Philadelphia mu 1787 anapatsa Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, mphamvu zowerengeka, ndipo pa zamalonda ndi malonda a pakati pa ma state, chamba cholimidwa ndi kugulitsidwa mu Colorado momwemo Washington sichiikhudza. Amalankhula ngati pulofesa. Zitandivuta ngakhale foni sanayankhe.

Zimene sanandiuze n'zakuti mkangano umenewo anthu anagonja nawo kalekale kukhoti. Pa mlandu wa mu 1942, mlimi wa ku Ohio, Roscoe Filburn, anali atalima tirigu maekala 23 pamene anamulola pafupifupi 11, akuti wowonjezerayo ngwa pakhomo ndi ziweto. Supreme Court inati ayi, alimi onse atachita choncho msika wa dziko lonse ugwedezeka, ndiye Congress ili ndi mphamvu. Mu 2005, pa mlandu wa Gonzales v. Raich, anatenga mfundo yomweyo n'kuiika pa chamba. Diane Monson wa ku California anali ndi mitengo 6 yokha ya mankhwala ake, yololedwa ndi lamulo la state la 1996, apolisi a federal anaiwononga, khoti linagwirizana nawo 6 kwa 3. Ngakhale woweruza Antonin Scalia, katswiri uja wolimbikira kuti malamulo aziwerengedwa monga ankamvekera pamene ankalembedwa, anaima ndi boma la federal. Lamulo la 1970 linaika chamba gulu limodzi ndi heroin, Article VI ya malamulo aakulu imati lamulo la federal lili pamwamba pa la state, ndipo nkhani za immigration Colorado ilibe nazo mawu. Mu Epulo 2019 a immigration mpaka anachita kulemba poyera kuti kugwira ntchito m'mashopu amenewa kukhoza kukulepheretsani unzika ngakhale state yalola.

Chondipweteka n'chakuti ndikamawerenga ndekha, ndimaona kuti bambo uja pa mfundo yeniyeniyo sankabwebweta. Clarence Thomas, mmodzi mwa oweruza atatu otsutsa aja, anati ngati Congress ingalamulire chamba chimene sichinagulidwe, sichinagulitsidwe, sichinadutse malire a state, ndiye kuti ingalamulire pafupifupi chilichonse. Ine ndili naye. Koma atatu sangapose 6, ndipo wofunsa intavyu sawerenga maganizo a ogonja.

Ndiye pezani loya wa immigration weniweni, osati aja a ngozi za galimoto amene amati zonse amadziwa. Pa intavyu musaname, bodza likagwidwa ndiye mwathera pomwepo. Komanso musamangoyankha chilichonse ngati ine, funso la chamba likangotuluka pemphani kuti muonane kaye ndi loya, ndipo musasaine kanthu. Kawirikawiri a immigration amaona zaka 5 zam'mbuyo, ndiye ngati mwayamba kale siyani lero ndipo musathamangire kutumiza fomu. Malipiro ake ngabwino, sindikana, malata a nyumba ya mayi ndinagula ndi ndalama zomwezo. Mukalumbira unzika kaigwireni ngati mtima ukufunabe, ine nditakhala ndi pasipotiyo ndikanabwerera mawa lomwe.