Mad Men: kodi seweroli likukometsera zibwenzi za mu ofesi?

Mayi wina anditumizira imelo yokhudza Mad Men, sewero la pa TV la ku America lonena za kampani yotsatsa malonda. Akuti anzawo a kuntchito ndi amene anawakopa kuti alionere, koma atangoonera magawo anayi afika potopa nalo. Alemba kuti: "Ndikungoona azibambo apabanja akuthamangira akazi, mowa akumwa dzuwa lili paliwombo, utsi wa fodya uli tolotolo mu ofesi. Kodi seweroli silikungokometsera chiwerewere? Zinalidi choncho kapena akukokomeza? Ndipitirize kapena ndilisiye?"

Mayi, pitirizani. Koma ndikuchenjezeretu kuti kuti ndikuyankheni bwino ndiulula zina za kutsogolo, ndiye amene safuna kuuziridwa nkhani alekere pomwe pano.

Seweroli analemba ndi Matthew Weiner, linkaonetsedwa pa kanema ya AMC kuyambira 2007 mpaka 2015, magawo onse ndi 92. Nkhani yake imayamba mu 1960 n'kukathera mu 1970, pa kampani yongopeka ya Sterling Cooper yomwe ili pa Madison Avenue ku New York, msewu umene unkadziwika ndi makampani otsatsa malonda. Linapata mphoto ya Emmy ya sewero labwino koposa zaka zinayi zotsatizana, 2008 mpaka 2011. Mphoto si umboni woti inuyo mulikonda, ndangotchula kuti mudziwe kuti anzanuwo sakukunamizani.

Tsono pa za zibwenzizo. Mukamaonera, musamawerenge kuti wagona ndi ndani. Muziyang'ana zimene zikuchitika m'mawa mwake, anthu awiriwo akakumana pa ntchito. Ndani akulowa mu ofesi yake n'kutseka chitseko, ndipo ndani akutsala pa desiki panja akutayipa makalata? Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Tengani za Allison, mu season yachinayi, kutanthauza chaka chachinayi cha seweroli. Ndi sekilitale wa Don Draper, mkulu wa anthu opeka mawu otsatsira malonda, yemwe amaseweredwa ndi Jon Hamm. Panthawiyi banja la Don latha. Usiku wa phwando la Khirisimasi la pa kampani, Don waledzera, waiwala makiyi a nyumba yake ku ofesi, Allison akumupititsira, ndipo zikuchitika. Kutacha mtsikanayo akubwera kuntchito nkhope ikuwala. Don akumuitanira mu ofesi, akumuthokoza chifukwa cha makiyi aja ngati kuti palibe china chinachitika, kenako akumupatsa envelopu ya bonasi ya Khirisimasi. Ndalamazo zinali zake ndithu, anazigwirira ntchito chaka chonse, koma kupatsidwa m'mawa umenewo zikuoneka ngati malipiro a usiku uja. Akubwerera pa desiki pake, akutsegula envelopu, akuika pepala m'makina n'kuyamba kutayipa. Patapita milungu akulephera kupirira, akupempha kalata yomuchitira umboni kuti akafune ntchito kwina, Don n'kumuuza kuti alembe yekha zimene akufuna, iye angosainira. Allison akumugenda ndi chinthu cha pa tebulo n'kuchoka. Ntchito yamuthera iyeyo. Don wangopatsidwa sekilitale wina.

Munthu amene akufuna kukometsera chibwenzi cha mu ofesi sangalembe zotere.

Ndipo sikamodzi. Roger Sterling, mmodzi wa eni kampani, akusiya mkazi wake Mona n'kukwatira Jane, sekilitale wamng'ono kwambiri kwa iye, ndipo mpando wake sukugwedezeka. Joan Holloway, amene amayendetsa ofesi yonse ndipo nzeru zake zimaposa za mabwana angapo, mu season yachisanu akuuzidwa kuti mkulu wina wa ogulitsa magalimoto a Jaguar akufuna kugona naye kuti kampani ipeze kontirakiti. Eni kampani akukhala pansi kukambirana nkhaniyi ngati akukambirana mtengo wa katundu. Joan akuvomera, posinthana ndi gawo la 5 peresenti mu kampaniyo, ndipo chitonzo chake chikumutsata mpaka kumapeto. Ngakhale mwamuna sapulumuka akakhala wapansi: Sal Romano, wojambula, akuchotsedwa ntchito chifukwa anakana zofuna za mwana wa mwini kampani ya fodya wa Lucky Strike, kasitomala wamkulu amene Sterling Cooper inkadyerapo.

Choncho chimene mukuona ngati chiwerewere ndi nkhani ya mphamvu, ya amene ali ndi dzina pa chitseko ndi amene alibe.

Funso lanu lachiwiri, ngati zinalidi choncho. Olemba sewero amasonkhanitsa zochitika za anthu ambiri n'kuziunjika mu ofesi imodzi, ndiye kukokomeza kulipo. Koma maziko ake ndi oona. Mu 1960 ku America kunalibe lamulo la dziko lonse loletsa bwana kusala munthu pa ntchito chifukwa choti ndi mkazi. Lamulolo linabwera mu 1964, mu Civil Rights Act, ndipo zinatenga mpaka 1986 kuti khoti lalikulu la dzikolo ligamule kuti kuvutitsa munthu pa ntchito ndi nkhani zogonana n'kuphwanya lamulo limeneli. Ndiye Allison akanakadandaula kwa ndani? Mapiritsi olera nawo anavomerezedwa mu 1960 momwemo, n'chifukwa chake m'gawo loyamba mwaona Peggy Olson, pa tsiku lake loyamba la ntchito, akutumizidwa ndi Joan kwa dokotala amene akumulembera mapiritsiwo uku akusuta ndudu, uku akumulalikira za khalidwe.

Za mowa zilinso ndi pochokera. Makampani otsatsa malonda ankapeza ndalama kudzera mu komishoni ya 15 peresenti pa ndalama zimene kasitomala walipira ku nyuzipepala, wailesi kapena TV. Kasitomala mmodzi wamkulu akachoka, anthu ambiri ntchito inkawathera. Ndiye panali anthu ngati Roger ndi Pete Campbell amene ntchito yawo yeniyeni inali kusangalatsa kasitomala, kumudyetsa, kumumwetsa, kumuseka nthabwala zake zosaseketsa. Fodya ndiye musachite kunena. Lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America lotsimikiza kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo linatuluka mu January 1964, ndipo kutsatsa ndudu pa TV ndi pa wailesi kunaletsedwa kuyambira mu January 1971. (Ndudu zimene osewerawo amasuta si za fodya weniweni, ndi za masamba ena.) Apanso seweroli silibisa mapeto ake. Roger akudwala mtima mu season yoyamba yomweyo. Freddy Rumsen, wopeka mawu wakale pa kampaniyo, akudzikodzera ataledzera msonkhano ndi kasitomala utatsala pang'ono kuyamba, ndipo anzake akumutsanzika popita naye kukamwa.

Pali pamene ndikugwirizana nanu. Seweroli ndi lokongola mopitirira. Masuti osokedwa bwino, madiresi, matambula owala, nyimbo. Anthu ena anaonera n'kutengapo suti ndi tambula basi, moti mu 2011 sitolo ya zovala ya Banana Republic inatulutsa zovala zotengera seweroli. Zili ngati mankhwala owawa okutidwa shuga, ena amangonyambita shugayo n'kulavula. Komanso zibwenzi za Don zimafika potopetsa, makamaka mu season yachisanu ndi chimodzi, pomwe umachita kudziwiratu kuti akakumana ndi mkazi watsitsi lakuda mu lifiti zithera kuti. China chimene chimandinyansa n'chakuti m'zaka zomwe anthu akuda ankamenyera ufulu wawo, m'seweroli nthawi zambiri amangooneka ngati oyendetsa lifiti ndi antchito a m'nyumba, mpaka mu season yachisanu pamene Dawn Chambers akulembedwa usekilitale. Ena amati ndi mmene Madison Avenue inalili. N'zoona, koma olembawo akanafuna akanatha kumutsatira Dawn mpaka kunyumba kwake monga anachitira ndi ena onse.

Za Don mwiniwake, dziwani kuti dzina limenelo si lake. Iye ndi Dick Whitman, mwana wobadwira mu umphawi, amene ku nkhondo ya ku Korea anatenga dzina la msilikali wamkulu amene anafera pafupi naye. Moyo wake wonse ndi malonda otsatsidwa bwino: nyumba ku Ossining, tauni ya kunja kwa mzinda wa New York, mkazi wokongola Betty, ana, galimoto. N'chifukwa chake ntchitoyi amaitha. Kumapeto kwa season yoyamba akutsatsa makina a Kodak oonetsera zithunzi pakhoma, ndipo akugwiritsa ntchito zithunzi za banja lake lenileni, tsiku la ukwati, ana ali makanda. Mnzake wina akutuluka m'chipindamo akulira. Inu oonera mukudziwa kuti banja limene likugulitsidwa pakhomapo mwiniwake wakhala akulizembera chaka chonse.

Koma ine chimene ndimaonerera Mad Men ndi Peggy, amene amaseweredwa ndi Elisabeth Moss. Analowa ngati sekilitale. Tsiku lina atsikana a mu ofesi akuyesedwa milomo ndi lipstick ya kasitomala, iye akutolera timapepala topukutira milomo n'kunena mawu amodzi oseketsa, Freddy n'kuzindikira kuti mtsikanayu ali ndi mutu wopeka mawu. Kuchokera pamenepo akukwera pang'onopang'ono, movutikira, malipiro ake ali ochepa kuyerekeza ndi a amuna, ndipo ofesi yake yoyamba yabwino ndi ija anasiya Freddy. Akazi otere analipodi. Mary Wells anatsegula kampani yake yotsatsa malonda ya Wells Rich Greene ku New York mu 1966.

Ndiye chitani izi, mayi. Magawo anayi ndi ochepa, seweroli limayenda mwapang'onopang'ono dala. Malizani season yoyamba, magawo ake ndi 13. Ana asakhale pafupi. Mukafika pa gawo la Kodak lija ndipo simukufunabe kudziwa kuti Peggy zimuthera bwanji, lisiyeni, anzanu a kuntchitowo muwauze kuti munayesa.