Zoti mulembe pokumbukira bambo anu

Pepani kwambiri achemwali chifukwa cha imfa ya bambo anu. Mwafunsa kuti mulembe chiyani powakumbukira, popeza sanali munthu wotchuka, moyo wawo wonse anakhala m'tauni yaing'ono akugwira ntchito ndi kulera ana.

Ine ndikuti musayambe ndi mawu akuti "anali munthu wolimbikira ntchito". Mawu amenewo amanenedwa pa maliro ambiri, ndipo anthu amangowamva osawaona bambowo m'maganizo. Tiuzeni nthawi imene ankadzuka, mmene manja awo ankaonekera akaweruka, chimene anadzimana kuti inu musasiye sukulu. Bambo anga atamwalira, chimene chinaliza anthu si kuchuluka kwa zaka zimene anagwira ntchito ayi, koma pamene ndinanena kuti nsapato zawo ankangozisoketsa pomwe ife ana tikuvala zatsopano. Mpaka lero ndikaganizira nsapato zija mtima umandipweteka, chifukwa sindinawathokoze ali moyo.

Chaka chobadwa, cha ukwati, mayina a ana ndi adzukulu, zimenezo lembani mwachidule.

Mufunsenso anansi ndi anzawo a kuntchito. M'tauni yaing'ono anthu amadziwana, ndipo mwina mupeza wina amene bambo anamuthandiza mwakachetechete, inu osadziwa n'komwe. Ngati anali aukali kapena osakonda zolankhulalankhula, musabise, nenani mwaulemu. Abale anu akufuna kumva za munthu weniweni amene ankakhala naye m'nyumba. Ngati amayi alipo, muwawerengere kaye musanawerenge pagulu, pakuti pali zina zimene iwo okha ndi amene angalole kuti zinenedwe.