Sikopu ndi magazini: yambani mwadziwa mpikisano womwe mukulowa

Achimwene a ku Kasungu, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi mfuti ya .22 ya chiphaso, mukufuna kuyamba kuwombera chandamale mwa mpikisano, ndipo alamu anu a ku Johannesburg avomera kukugulirani katundu. Mwaona sikopu (galasi lokulitsa chandamale lomangira pamwamba pa mfuti) ya 6-24x50 yotchipa pa Facebook, komanso mukufunsa ngati kuli bwino kuguliratu magazini yaitali ya zipolopolo 30 ya pisitolo yomwe mukuyembekeza kudzatenga. Ena akuyankhani kuti tengani yaikuluyo basi. Ine ndikuti dekhani kaye, ndalama ya alamu anuwo isanatuluke m'thumba.

Chimene chimasankha sikopu ndi magazini ndi malamulo a mpikisano womwe mukulowa. Mipikisano ya ISSF, bungwe la dziko lonse la masewera owombera, ija timaionera pa Olympics, monga ya mfuti ya mpweya pa mamita 10 ndi ya .22 pa mamita 50 yowombera chogwada, chogona ndi choimirira, salola sikopu ngakhale pang'ono. Amalozera pa kabowo kakang'ono kumbuyo ndi kamphete kutsogolo kwa mpope, ndipo pa mamita 10 paja kadontho ka mapointi 10 n'kokula theka la milimita lokha. Ngati mtima wanu uli kumeneko, sikopu simukuifuna. Sikopu imagwira ntchito pa mipikisano ina: benchrest, pomwe mfuti imatsamira pa tebulo pa mamita 50, precision rimfire, pomwe mtunda umasinthasintha mpaka mamita 100, 200 kapena kuposa, ndi field target ya mfuti za mpweya. Uliwonse uli ndi galasi lake. Choncho funsani kaye amene mudzawombere nawo kuti amachita uti, ndipo chandamale amachiika patali bwanji.

Manambala a 6-24x50 akutanthauza kuti imakulitsa chinthu kuyambira ka 6 mpaka ka 24, ndipo galasi la kutsogolo ndi la mamilimita 50. Mukagawa 50 ndi 24 mupeza pafupifupi 2. Amenewo ndi mamilimita a kuwala komwe kukufika m'diso lanu mukaikweza mpaka pamapeto. Kabowo ka mamilimita awiri n'kakang'ono zedi, mutu ukangosuntha pang'ono zonse zimada bii. Galasi labwino limapirirako pamenepa, koma lotchipa likafika pa 18 kapena 20 chithunzi chimayera ngati muli nkhungu, m'mbali simuonekanso. Onjezanipo kutentha kwa kwathu kuno. Mu Okutobala masana, mpweya umavina pamwamba pa nthaka monga umachitira pa tala wa M1, ndipo sikopu ikakulitsa ka 24 imakulitsanso kuvinako, chandamale n'kumangogwedezeka. Mtima wanu womwe ukamagunda mumauona pa mtanda wolozera chandamale womwe uli m'kati mwa sikopu. Kwa munthu woyamba kumene wa .22 pa mamita 50 mpaka 100, ine ndingatenge 4-16x44 ya kampani yodziwika. Ya 24 kapena 36 ndi ya anthu a benchrest, amene mfuti yawo imakhala pa choimikira ndipo akufuna kuona bowo lenilenilo la chipolopolo pa pepala.

Pali chinthu china chomwe otsatsa malonda a pa Facebook satchula kawirikawiri, koma kwa .22 ndi chachikulu kuposa kukulitsa: parallax. Masikopu ambiri a alenje anawakonzeratu kuti aziona bwino pa mayadi 100, omwe ndi mamita 91. Mukaiika pa .22 n'kuwombera pa mamita 25 kapena 50, chithunzi cha chandamale ndi mtanda sizikhala pa malo amodzi m'kati mwa chubu. Kuti muzione nokha, ikani mfuti yopanda chipolopolo pa thumba la mchenga, mtanda uloze pakati pa chandamale, muchotse manja. Kenako suzumirani mukusuntha mutu pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi. Mukaona mtanda ukuyendayenda pa chandamale pomwe mfuti yangokhala phee, ndiye vutolo. Tsaya likakhala mosiyana pang'ono pa thabwa la mfuti, chipolopolo chimapita pena, inu n'kumada zipolopolo kapena dzanja lanu. Ndiye uzani alamu anu kuti sikopuyo ikhale ndi gudumu la pambali kapena mphete ya kutsogolo yosinthira parallax, ndipo izitsika mpaka mamita 10. A field target gudumu lomwelo ndi limene amayezera mtunda. Zandamale zawo zimakhala pakati pa mamita 9 ndi 50, amapotokola mpaka chithunzi chiwale bwino, n'kuwerenga nambala yomwe analemba okha pa gudumupo. N'chifukwa chake iwowa amafuna sikopu yokulitsa kwambiri, ndipo kwa iwo n'zomveka.

Kenako zopotokola za pamwamba ndi pambali pa sikopu, zosinthira pamene chipolopolo chikugwera. Zimabwera m'miyeso iwiri. MRAD imodzi ndi masentimita 10 pa mamita 100, ndipo kulira kumodzi kwa chopotokolacho nthawi zambiri kumasuntha chipolopolo sentimita imodzi pa mtunda womwewo. MOA imodzi ndi masentimita 2.9 pa mamita 100, kulira kumodzi kumakhala gawo limodzi mwa anayi a pamenepo. Ife tinaphunzira mamita kusukulu, choncho MRAD ndi yosavuta kuwerengera pamtima. Chofunika n'chakuti timizere ta pa mtanda ndi zopotokola zikhale za muyeso umodzi, chifukwa alipo masikopu otchipa omwe m'kati ndi MRAD koma kunja ndi MOA, ndipo wotchi ya mpikisano ikamayenda simungakwanitse masamu amenewo. Zimenezi n'zofunika pa .22 chifukwa chipolopolo chake chimagwa msanga. Mukaseta pa mamita 50 ndi zipolopolo za mpikisano, zija zoyenda mamita pafupifupi 330 pa sekondi, pa mamita 100 chimatsika masentimita pafupifupi 20. Mudzakhala mukupotokola kukweza ndi kutsitsa tsiku lonse, ndipo sikopu yotchipa imagonja pomwepa: mumakweza ka 20, mukabweza ka 20 siibwerera pamene inali.

Ikafika, iyeseni chonchi. Pa pepala lalikulu lembani kadontho kamodzi, nthawi zonse muziloza pomwepo. Womberani zitatu. Kwezani ka 20, zitatu. Kumanja ka 20, zitatu. Tsitsani ka 20, zitatu. Kumanzere ka 20, zitatu zomaliza. Mabowo apange bokosi la ngodya zinayi lolingana, ndipo zomalizazo zigwere pa zoyamba zija. Zikapanda kutero ibwezeni kusitolo isanathe nthawi yake. Pa chifukwa chimenechi alamu agule m'sitolo ya mfuti yeniyeni, atenge lisiti ndi pepala la chitsimikizo. Makampani a Hawke, Vortex, Bushnell ndi Athlon ali ndi mitundu ya mtengo wapakatikati yomwe imagwira ntchito. Mukaona sikopu ya kampani ya Leupold pa mtengo wa foni yaing'ono, dziwani kuti ndi yachinyengo, zoterezi zadzadza pa intaneti.

Za first focal plane ndi second focal plane, mitundu iwiri ya sikopu yosiyana pa malo omwe mtanda uli m'kati, musavutike nazo kwambiri. Pa yoyambayo timizere timakula limodzi ndi chithunzi, motero muyeso wake umakhala woona paliponse mwaika. Imathandiza pa mpikisano wa mitunda yosinthasintha. Ngati mtunda ndi umodzi, yachiwiriyo ikukwanirani ndipo ndi yotsikirapo mtengo.

Mphete zomangira musaziiwale, anthu ambiri amagula sikopu ya ndalama zambiri n'kuimanga ndi mphete za zii. Onani pamwamba pa mfuti yanu ngati pali kanjanji ka mamilimita 11, komwe kamapezeka pa ma .22 ambiri, kapena Picatinny ya mano-mano ija. Onaninso ngati chubu cha sikopu ndi cha mamilimita 25.4 kapena 30. Tumizani chithunzi kwa alamu. Pomanga masikuluwu a mphete musalimbe ngati mukumanga tayala, ambiri amafuna pafupifupi 2 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira sikuluwu), mukapyola mumafinya chubu ndipo za m'kati zimasiya kuyenda bwino. Kwa anzathu ena mu gulu muno amene ali ndi mfuti za mpweya za sipuling'i, zija zothyola pakati: zimenezo zimakankha kumbuyo n'kubwereranso kutsogolo mwamphamvu, ndipo zimaswa ngakhale sikopu yomwe imapirira pa mfuti yaikulu. Zimafuna sikopu yolembedwa kuti ndi ya mfuti ya sipuling'i, ndi chomangira cha chidutswa chimodzi chokhala ndi kamsomali koletsa kutsetsereka.

Tsopano magazini. Musagule magazini pisitolo isanafike m'manja mwanu ndi chiphaso chake. Magazini amapangira mfuti yake yake. Ya Glock 17 imalowa mu Glock 19, koma ya 19 ndi yaifupi, mu 17 siigwira. Ya CZ 75 siilowa mu CZ P-10 ngakhale kampani ndi imodzi ndipo zonse ndi 9 mm. Ndipo ya zipolopolo 30 mukuifunayo ilibe malo pa mipikisano yambiri. Pa ISSF ya pisitolo pa mamita 25 amaika zipolopolo zisanu zokha nthawi imodzi. Pa IPSC, mpikisano wothamanga uku ukuwombera womwe bungwe lake linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo ku South Africa ndi wamphamvu moti mu 2002 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Pietersburg, komwe lero ndi Polokwane, gulu lililonse lili ndi malire ake. Gulu la Production, komwe oyamba ambiri amalowa, salola zipolopolo zoposa 15 mu magazini. Gulu la Standard mfuti iyenera kukwana m'bokosi la mamilimita 225 ndi 150 ndi 45 magazini ili m'kati. Gulu la Open magazini isapitirire mamilimita 170. Yaitali ija ikakuchotsani mu Production ndi Standard tsiku loyamba lomwe.

Chomwe mukufuna ndi magazini wamba angapo odalirika. Pa IPSC gawo lalitali limatha kufuna zipolopolo 32. Ndi malire a 15 ndiye kuti atatu ndi ochepetsetsa, ndipo poti munthu amasintha magazini akuyenda, isanathe, anayi kapena asanu pa lamba ndiye muli bwino. Gulani a kampani yomwe inapanga mfutiyo, kapena a Mec-Gar a ku Italy, amene amapangira magazini makampani angapo a mfuti. Opanda dzina asiyeni. Pisitolo ikamakakamira, nthawi zambiri wolakwa amakhala magazini: milomo ya pamwamba yomwe imagwira chipolopolo yatseguka kapena yapindika, sipuling'i yafooka, kapena kapulasitiki kokankha zipolopolo kakukanirira m'kati.

Lembani nambala pansi pa magazini iliyonse ndi penti, 1, 2, 3, kupita m'tsogolo. Mfuti ikakakamira, onani nambala, lembani m'kabuku. Nambala imodzimodziyo ikabwerezabwereza, mwamupeza wolakwa, muike pambali. Yesaninso ngati iliyonse ikugwa yokha mukadina batani, yopanda kanthu ndi yodzadza yomwe. Ndipo nali la kwathu kuno: pa mpikisano magazini amagwetsedwa pansi, ndipo pansi pa Kasungu kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa ndi fumbi ndi mchenga. Musathire mafuta m'kati mwa magazini. Mafuta akakumana ndi fumbi limenelo amapanga matope omata, zipolopolo n'kusiya kukwera. Tsegulani pansi pake, mugwire bwino sipuling'i ingakulumphireni m'maso, pukutani ndi kansalu kouma ndi kaburashi, bwezerani. Iliyonse yomwe yagwa m'dothi ichitidwe zimenezi musanaidzadzenso.

Nkhani ya mapepala ndiye musaitenge mopepuka, achimwene. Mfuti ndi zipolopolo m'dziko muno zili pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo oyang'anira ndi apolisi. Magazini ndi chiwalo cha mfuti. Alamu anu asaiponye m'chikwama pakati pa zovala n'kukwera basi yodzera pa Mwanza kapena Dedza, ndipo wina asakunamizeni kuti akudutsitsirani pa Mwami kuchokera ku Chipata. Pitani kupolisi ya Kasungu ndi chiphaso chanu, fotokozani zomwe mukufuna kuitanitsa, sikopu yomwe, akuuzeni njira yake, ngati n'kofunika kupita ku likulu ku Area 30 mupite. Chilolezo chikhale cholembedwa, ndipo pachipata katunduyo aonetsedwe kwa a MRA. Kumbukiraninso kuti tili pafupi ndi Kasungu National Park. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, chilango chimafika zaka 30 pa nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo munthu wopezeka ndi mfuti ya sikopu cha kumalire a paki adzavutika kufotokoza kuti amapita kukawombera pepala.

Malo oyesererapo nawonso asankhidwe mosamala. Dera lathu ndi lathyathyathya, ndipo chipolopolo cha .22, ngakhale chikuoneka chaching'ono, chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Kuseri kwa tchire kumakhala ana akudyetsa ng'ombe ndi amayi akutola nkhuni. Chulu chouma ndi cholimba, chipolopolo chimatha kunjanja n'kulowera kwina, ndiye pamafunika mulu wautali wa dothi lofewa kapena mchenga kuseri kwa chandamale, pa malo amene apolisi akuwadziwa ndipo avomereza.

Mukamva kwa apolisi ndi kwa amene mudzapikisane nawo, lembaninso pano dzina la mfuti yanu, mtundu wa mpikisano ndi mtunda wake, ndi ndalama yomwe alamu akonza. Pa ndalamayo mupatulepo ya mphete zabwino ndi ya zipolopolo za mtundu umodzi zokwanira kuyesera bokosi lija, yotsalayo ndiye ya sikopu.