Madontho akuda kumaso, mandimu si mankhwala ake

Ndalandira imelo ya mtsikana wina, akuti ziphuphu zinatha koma zinamusiyira madontho akuda mmasaya ndi pachipumi, pano akupaka mandimu usiku uliwonse ndiye akufunsa ngati pali zachilengedwe zina zoti nkhope ifanane mtundu.

Achemwali, mandimuwo siyani lero lomwe chonde. Asidi wake amawotcha khungu ndipo mukatuluka padzuwa madzi ake akadali pankhope mutha kutuluka matuza. Khungu lathu lakudali likapsa kapena kutupa limapanga melanin (chomwe chimapatsa khungu mtundu wakuda) wambiri pomwepo, ndiye dontho lija mmalo mozilala limaderatu bii. Kufinya ziphuphu ndi chimodzimodzi, manja achoke kumaso.

Zopaka zothandiza zilipo. Niacinamide, yemwe ndi vitamini B3, amachepetsa melanin wofika pamwamba pa khungu, wa 4 kapena 5% ndi wokwanira ndipo ine ndimamukonda coz sakonda kuyabwa. Seramu (mankhwala amadzimadzi opaka kumaso) ya vitamini C mmawa nayonso ndi yabwino, koma ikayamba kufiirira mbotolomo ndiye kuti mphamvu yatha, tayani basi. Azelaic acid, amene amapezeka mu tirigu ndi balere, amalimbana ndi ziphuphu komanso madontho omwe. Licorice, muzu wina wotsekemera womwe amaika mu zopaka, naye amathandizako. Aloe vera amaziziritsa khungu lotupa, zoona, koma musayembekeze kuti payekha afufuta dontho lakale.

Tsono chimene ambiri amachinyozera ndi dzuwa. Amati munthu wakuda safunika sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa), bodza limenelo! Mutha kupaka zonsezi koma mukayenda pa dzuwa lamasana nkhope ili pamtunda, melanin uja amadzukanso ndipo ntchito yonse imabwerera mmbuyo. Pakani sunscreen wa SPF 30 (nambala yosonyeza mphamvu yake) kapena kuposa, tsiku lililonse ngakhale kuli mitambo, mukakhala panja nthawi yaitali muzipakanso pakatha maola 2, ndi chipewa pamutu.

Musayambe zonse kamodzi, yesani chimodzi kuseri kwa khutu kaye muone ngati sichikuwotchani. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 8 mpaka 12, madontho ena amatenga miyezi yambiri. Kirimu yolonjeza kukuyeretsani sabata imodzi ithaweni, zambiri zimakhala ndi steroid kapena mercury, khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, ndipo mercury amawononga impso.

Ngati muli oyembekezera, kapena dontho likukula, kusintha maonekedwe kapena kutuluka magazi, pitani kaye adokotala akaliwone musanapake chilichonse.