Marlene Dietrich sanayambire pa Der blaue Engel

Achimwene, mwafunsa ngati Der blaue Engel ya 1930 inali filimu yoyamba ya Marlene Dietrich, katswiri wa mafilimu wa ku Germany. Ayi ndithu, ngakhale mwiniwakeyo atakalamba sankafuna kukamba za mafilimu ake akale.

Mayiyu anabadwira ku Berlin mu 1901. Poyamba ankaphunzira vayolini, koma atavulala dzanja analowa m'magulu ovina, kenako n'kumapatsidwa timbali ting'onoting'ono m'zisudzo za Max Reinhardt, wotsogolera zisudzo wotchuka. Mafilimu opanda mawu anawayamba mu 1923. Pojambula filimu ya Tragödie der Liebe anakumana ndi Rudolf Sieber, mmodzi wa ogwira ntchito pa filimuyo, n'kukwatirana chaka chomwecho. Panabweranso Café Elektric mu 1927 ndi Die Frau, nach der man sich sehnt mu 1929. Yomalizayi muifunefune, chifukwa kayang'anidwe kaja komwe anthu amati anamuphunzitsa ndi Josef von Sternberg, wotsogolera filimu ya Der blaue Engel, kali kale mmenemo. Zimandiwawa kuti zaka zimenezi anthu amangozilumpha.

Sternberg anamuona pa siteji ku Berlin mu 1929, m'sewero la Zwei Krawatten. Mu 1930 Dietrich anapita ku Hollywood kukagwira ntchito ndi kampani ya mafilimu ya Paramount. Chipani cha Nazi chitamunyengerera kuti abwerere kwawo anakana, ndipo mu 1939 anakhala nzika ya America.