Kwa achemwali a chitenje cha mayadi 6: kasokedwe kake ndi tsitsi lake

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga, ndemanga zili pansipa ndaziwerenganso. Kwa amene mwangofika kumene: mnzathuyu akuti ndi wamfupi, ali ndi mbina, chifuwanso chilipo, nkhope ndi yozungulira. Wagula chitenje cha mayadi 6 choti asoketse, chinkhoswe cha mng'ono wake chili mu Okutobala, ndiye akufunsa sitayilo yoti imubise thupi ndi malukidwe oti amuchepetse masaya. Ena mwamuuza kuti avale zakuda, ena mwati ayambe wachepetsa nsima. Anthuni, chitenje wagula kale, ndipo thupi limene apite nalo ku chinkhosweko ndi lomweli. Ine ntchito yanga ndi yosoka, ndiye ndiyankha zomwe ndimaona pamashini.

Maganizo obisa thupiwo ndi amene angakuwonongereni nsalu. Azimayi ambiri odzaza thupi akafika kwa telala amati "mundisokere chotaya", poganiza kuti chovala chikakula iwo achepa. Sizitero ayi. Nsalu ya chitenje ndi ya thonje, yolimba, siitsata thupi mmene imachitira nsalu yofewa. Ikachoka pachifuwa imangotsika yokha osakhudza paliponse, ngati neti ya udzudzu yolendewera, ndipo wokuonani amayesa kuti ndinu wotambalala chimodzimodzi kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. Chiuno chanu, chimene kwa munthu wa mbina nthawi zambiri chimakhala chochepa kwambiri poyerekeza ndi m'munsimu, chimasowa. Chovala chimakhala munthu chifukwa cha zinthu ziwiri: pomwe chagwira ndi pomwe chathera. Mtundu wa nsalu ndi zokongoletsa zimabwera pambuyo.

Ndiye musanafufuze zithunzi pa Facebook, tengani tepi. Valani kamisolo yomwe mudzavale tsikulo, osati ina, chifukwa kamisolo imasintha pomwe mabere akhala, ndipo madati, timapindo tija timasokedwa pansi pa mabere ndi kumsana, amadulidwa potsata pamenepo. Yesani mapewa, chifuwa, chiuno ndi mbina. Chiuno chenicheni si pomwe pamakhala lamba wa jinzi. Imirirani, pendekani cham'mbali, pomwe thupi lapindikira mpomwepo, kawirikawiri pamwamba pang'ono pa mchombo. Kenako muyesenso kuchoka paphewa kufika pachiunopo. Muyeso umenewu ndi umene anthu aafupi umawavuta pa zovala zogula: diresi linadulidwira munthu wamtali, chiuno chake chimakagwera pa mbina zanu, nsalu n'kumakwinyika kumsana, inu n'kumadandaula kuti mwanenepa pomwe vuto ndi mainchesi awiri a nsalu. Zithunzi za pa intaneti zogawa matupi m'magulu a maapulo ndi mapeyala zimathandiza pang'ono, koma za msinkhu sizinenapo kanthu.

Kwa inu ndingasoke chonchi. Kumtunda kugwire bwino mpaka pachiuno chenichenicho, khosi likhale la V kapena lotseguka motambalala pang'ono. Khosi lotseguka limatalikitsa mtunda wochoka pachibwano kufika pachifuwa, ndipo limathandiza nkhope yozungulira tisanafike n'komwe pa nkhani ya tsitsi. Kolala yotseka mpaka pammero, pa munthu wa chifuwa chachikulu ndi khosi lalifupi, imachititsa mutu kuoneka ngati wangokhazikidwa pamapewa. Ngati mukuopa maso a azakhali, V sachita kufika pakati pa mabere. Akathera mainchesi awiri pamwamba pake wagwira kale ntchito yake.

Manja otukumuka aja ali m'fasho masiku ano ndi okongola, sindikana, koma anapangidwira munthu wa mapewa ochepa amene akufuna kuti kumtunda kulingane ndi mbina. Inu kumtunda kuli kale. Mukawafunabe, atukumuke chakumunsi, cha pachigongono, osati paphewa. Ndipo dzanja lisathere pa mzere umodzi ndi nsonga ya mabere, chifukwa diso limajambula mzere wopingasa pamenepo n'kuwonjezera kutambalala. Lithere pachigongono kapena kupitirira pang'ono.

Siketi ndiye pamene pagona nkhani. Makwinya ambirimbiri osonkhanitsidwa pachiuno, aja amapangitsa siketi kufufuma, amawonjezera nsalu pamalo pomwe pali kale thupi, ndipo chitenje sichigona pansi, chimaimirira. Pemphani siketi ya mapanelo (zidutswa zazitali zolumikizidwa kuchoka pachiuno kutsika) 6 kapena 8, yosalala pachiuno ndi pa mbina, yotambasuka pang'onopang'ono kupita kumunsi. Mukakonda ya fishi, yogwira mpaka m'ntchafu n'kutambasuka kumunsi, mbina zanu ndi zoyenera sitayilo imeneyo kuposa za ambiri amene amaisoketsa. Koma kutambasukako kuyambire pamwamba pa bondo. Kukayambira pansi pa bondo, miyendo ya munthu wamfupi imaoneka yaifupi kwambiri, kuyendanso kumakhala kwa tizidutswa. Peplum, kansalu kotambasuka kaja kamasokedwa pachiuno cha bulauzi kapena diresi, nayo ndi chimodzimodzi: ikathera pomwe mbina zatambalala kwambiri yakuwonongerani, ikathera pamwamba pake, kutsogolo yaifupi kumbuyo yotalikirapo, imabisa kamimba bwinobwino popanda kukudulani pakati. Utali wa diresi ukhale pabondo kapena mpaka pansi. Pakati pa katumba pokhapo ndi pamene sindingakulangizeni. Mukasankha lalitali, pitani ndi gogoda wanu kwa telala kuti akuyeseni mutavala.

Apa kufupika kwanu kukupindulirani. Mayadi 6 ndi pafupifupi mamita 5 ndi theka, ndipo mulifupi mwa chitenje simupitirira kwenikweni mainchesi 48. Munthu wamfupi siketi yake yaitali imakwana m'lifupimo popanda kulumikiza, pomwe anzathu ataliatali timachita kuwawonjezera chigamba kumunsi. Nsalu ikukwanirani diresi, duku, mwinanso kachikwama. Popeza ilipo yambiri, muuzeni telala asaumire podula: ayang'ane pomwe maluwa akugwera. Duwa lalikulu kapena chizungulire chikagwera pakati penipeni pa thako, kapena awiri akagwera pa mabere, zithunzi za chinkhoswe mudzazibisa. Ngati maluwa a chitenjecho ndi akuluakulu kwambiri, sakanizani ndi nsalu yopanda maluwa ya mtundu umodzi mwa mitundu ili m'chitenjemo, iyikidwe m'mbali monse muwiri, chitenje chitsike pakati. Diso limatsata chapakaticho kuchoka kumtunda mpaka pansi. Bulauzi yoyera, siketi ya maluwa, lamba wakuda wamkulu pakati, zimenezo zimagawa munthu wamfupi patatu.

Chinanso, chapani nsaluyo musanaipereke. Kaya munagula ku Taifa ku Mzuzu, kaya ku Limbe, kaya mumsika wa Lilongwe, thonje limabwerera pang'ono likakumana ndi madzi koyamba, ndipo ndi bwino libwerere lisanadulidwe.

Kugwira thupi sikutanthauza kuthina. Chitenje sichitamuka, choncho pa mbina pasiyidwe mpata wa mainchesi awiri, pachifuwanso chimodzimodzi. Inu ndinu mkulu wake wa mwini chinkhoswe. Tsikulo simudzakhala pampando. Mudzagwada popereka moni kwa akuchimuna, mudzawerama kutola ndalama za perekaniperekani, mudzavina. Pokayesa diresi musangoima pagalasi mutakoka mimba. Khalani pampando, gwadani pansi, kwezani manja. Mukaona mizere yopingasa pantchafu kapena zipi ikuyasamula kumsana, lathina, ndipo chothina chimaonetsa munthu wonenepa kuposa mmene alili. Uzani telala kuti mudzabwera kudzayesa asanatseke lining ndi kupinda m'munsi, ndiponso asiye nsalu yokwanira m'misoko kuti pakafunika kutaya pakhale potaya. Ndipo poti ndife tokhatokha muno ndikuuzeni: Okutobala ndi nyengo ya maukwati, matelala tonse timakhala titadzaza. Tchulani tsiku la sabata imodzi chinkhoswe chisanafike.

Ndaona ndemanga ina yoti munthu wa mbina asamavale thalauza. Amayi athu anakhala zaka 20 lamulo likuwasankhira zovala, kuyambira 1973 mpaka 1993, pomwe mkazi sankaloledwa kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo. Tisabwezeretse tokha lamulolo m'magulu muno. Thalauza yokwera mpaka pachiuno, yotsika mowongoka kuchoka pa mbina, yopanda matumba otukumuka m'mbali, imakhala bwino kwambiri pa thupi ngati limeneli.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi matupi osiyana, mwachidule: wamtali wowonda, zonse ndaletsa pamwambazi ndi zanu, makwinya, maluwa akuluakulu, lamba wamkulu. Wa mapewa otambalala ndi mbina zochepa, kumtunda kukhale kosalala, siketi ndiyo ifufume. Amene mimba inatsalira mutabereka, chiuno cha diresi chikwere chifike pansi pa mabere, nsalu itsike kuchoka pamenepo. Ndipo pa kaunjika kapena ku DAPP musamakhulupirire nambala ya pakolala: 14 wa ku UK ndi 10 wa ku America, ndi 42 wa ku Ulaya, ndipo belo limodzi limasakaniza zonsezi. Yendani ndi tepi m'chikwama. Chokulirapo pang'ono telala amabweza, chochepa alibe nacho chochita.

Tsopano tsitsi. Poyamba tsimikizani kuti nkhopeyo ndi yozunguliradi, chifukwa ambiri amene amatero amangokhala ndi masaya. Kokerani tsitsi kumbuyo kapena mangani duku lothina, jambulani chithunzi foni ili patali pang'ono molunjika nkhope, osati selfie ya pafupi imene imakulitsa mphuno. Ngati utali wochoka pachipumi kufika pachibwano ukufanana ndi mulifupi mwa pamasaya, chibwano chili chofewa chopanda ngodya, ndiye yozunguliradi.

Nkhope yotere imafuna tsitsi lokwera m'mwamba, m'mbali mukhale mosalala. Mizere yolukidwa kuchoka kumbuyo ndi m'mbali kukwera pamwamba pa mutu, n'kumangidwa mfundo pamenepo, ndi imene ndingasankhe pa Okutobala: imatalikitsa nkhope, imakuwonjezerani msinkhu, khosi limakhala poyera kuti V uja aoneke, ndipo kutentha kwa mwezi umenewo simudzakumva ngati amene wavala wigi yofika m'chiuno. Mukafuna meshi yogwa, mzere wogawa tsitsi ukhale chakumbali, ndipo ithere pansi pa chibwano, cha m'mapewa kapena pachifuwa. Yofika m'matako imakokera munthu wamfupi pansi. Chimene sichingakuthandizeni ndi bob yothera pamasaya penipeni, kapena tsitsi lodulidwa mopingasa pachipumi. Zonsezi zimafupikitsa nkhope n'kuitambalalitsa. Anthu amanena kuti wa nkhope yozungulira asamete. Si zoona. Kumeta kochepetsa m'mbali n'kusiya lambiri pamwamba kumakhala bwino zedi. Chimene chimaonetsa masaya ndi kumeta kofanana mutu wonse. Duku nalo limangidwe mfundo ili pamwamba kapena chakumbali, lisaphwatalale, ndipo ndolo zikhale zolendewera m'malo mwa zozungulira zikuluzikulu.

Wa nkhope yaitali achite mosemphanitsa: tsitsi lifufume m'mbali, pamwamba pasakwere, bob ndi afro ndi zake. Wa nsagwada za ngodya, tsitsi lopotana lofika pansi pa chibwano limafewetsa nkhope. Wa chipumi chachikulu, mizere yopita cham'mbali kapena tsitsi logwera pang'ono kutsogolo, osati kukokera zonse kumbuyo.

Pa malukidwe okwera m'mwamba aja pali chenjezo limene sindingalisiye, chifukwa ndimayesa azimayi ambiri amene tsitsi la m'mphepete mwa chipumi linatha. Kukoka tsitsi mothina mobwerezabwereza kumazula mizu yake. Madokotala amati traction alopecia. Kumayambiriro limameranso mukasiya kukoka, koma zikapitirira kwa zaka mizuyo imafa ndipo palibe mafuta amene angaibweze. Ku saluni mukamva kuti khungu la pachipumi lakokeka, nsidze zakwera, kapena mawa lake mwatuluka timatuza m'mphepete, kwathina, ndipo mawu oti "lizolowera" musawavomere. Muuzeni wolukayo asiye timatsitsi tating'ono ta kutsogolo, asatikakamize kulowa mu meshi. Knotless, meshi yoyambira popanda mfundo, imapepuka pamizu kusiyana ndi yoyambira ndi mfundo. Musaike mankhwala owongola tsitsi n'kulukitsa tsiku lomwelo, papite masabata awiri, ndipo meshi isakhale m'mutu kupitirira miyezi iwiri. Lukitsani patatsala masiku atatu kapena anayi kuti pofika tsikulo mutu ukhale utamasuka.

Achemwali, yalani chitenjecho pabedi muchijambule chonse, muike chithunzi pansi pa ndemanga ino pamodzi ndi miyeso isanu ija. Ndikaona kukula kwa maluwa ake ndikuuzani ngati chikufuna nsalu yosakaniza kapena chiyime chokha, ndiponso ngati fishi kapena mapanelo ndi amene angachikhale.